Zitheba zokulunga ndi bekoni zikamakana kupsa limodzi

Pa chithunzi zimaoneka zosavuta. Timitolo ta zitheba, kalikonse komangidwa m'chiuno ndi bekoni wofiira bwino, tondandalika m'mbale pambali pa nkhuku yowotcha. Munthu umangoti izi ndi za mphindi 20 basi. Ine ndinatero chaka china pa Khirisimasi, alamu anga ndi ana awo atakhala kale pabalaza. Zomwe ndinatulutsa mu uvuni zinali timitolo tosambira m'madzi otuwa, bekoni ali mbee ngati sanaone moto, zitheba zitalobodoka ngati zagona m'poto. Alendo anadya, poti ndi anthu aulemu, koma palibe anatambasulanso dzanja kachiwiri.

Chakudyachi si chakwathu. Ku Germany amachitcha Bohnen im Speckmantel, kutanthauza zitheba zovala chikhoti cha nyama yankhumba, ndipo amachiika pambali pa nyama yowotcha pa masiku achikondwerero. Ku Italy ndi ku America amakonda kukulunga asparagus, wachibale wa katsitsumzukwa wakutchire uja, ndi prosciutto (nyama yankhumba youmitsidwa ndi mchere) kapena bekoni. Koma kulikonse komwe chikuphikidwa, chimavuta mofanana, chifukwa mwamanga pamodzi zinthu ziwiri zosapsa nthawi imodzi. Nyama ikufuna moto wouma kuti mafuta asungunuke, iyo ifiire. Masamba adzaza madzi, ndipo akangotentha amawatulutsa, n'kuwathira pa nyama yomwe yawakumbatira. Ntchito yonse ya wophika ndi kuonetsetsa kuti awiriwa afike limodzi, ndiponso kuti madzi apeze kolowera.

Bekoni ali woyera, zitheba zapsa kale

Ili ndiye dandaulo la anthu ambiri, ndipo ndikhalitsapo.

Madzi satentha kupitirira madigiri 100 a Celsius. Kufiira kwa nyama, komwe kumabweretsa fungo ndi kukoma kuja, kumayamba kuthamanga pa madigiri pafupifupi 140 kupita m'mwamba. Choncho ngakhale uvuni wanu utaloza pa 200, malinga pa nyama pali chinyezi, nyamayo ikuwira, siikuwotcheka. Inu mukudikira kuti ifiire, zitheba m'katimo zikupitirira kupsa mpaka kusanduka phala. Ndiye funso loyamba likhale lakuti madziwo akuchokera kuti.

Nthawi zambiri achokera m'manja mwanu. Mwatsuka zitheba kapena mwazifwafwaza, n'kuzikulunga zikadali zonyowa. Ziyaleni pa kansalu koyera, muzipukute, muzisiye mphindi 10 zipitidwe mphepo. Zioneke zouma ndithu, osati zonyezimira.

Mwina achokera m'paketi. Bekoni wambiri wotsika mtengo amabayidwa madzi a mchere ku fakitale kuti akonzeke msanga. Akakhudza moto amatulutsa madzi ndi timabulumwa toyera ngati thovu. Mukapeza paketi yolembedwa kuti dry cured, ameneyo anakonzedwa ndi mchere wouma ndipo satulutsa madzi ambiri. Mukapanda kumupeza, musataye mtima: yalani bekoniyo yekha pa thireyi, mumulowetse mu uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi 5, kapena mumugoneke m'chiwaya mphindi imodzi mbali iliyonse. Atulutse madzi ake, ayambe kuwala ndi mafuta, koma akhale akupindikabe. Mukamusiya mpaka kuuma, athyoka pokulunga. Mukayamba kumuphika yekha chonchi mwamupatsa mtunda wotsogola, ndipo zitheba zikamalowa, iye wayenda kale theka la ulendo. Pa njira zonse zomwe ndayesa, iyi ndi yomwe inathetsa vuto langa.

Mtundu wa bekoni nawonso ndi nkhani. M'masitolo mupeza wolembedwa streaky ndi wolembedwa back. Streaky ndi wa pamimba pa nkhumba, wamizeremizere ya mafuta ndi mnofu, wamtali, wopindika mosavuta. Back ndi wa kumsana, mnofu wochuluka, wotambalala, wabwino ndi mazira m'mawa koma pa ntchito iyi amakhwinyata n'kuuma ngati chikopa. Gulani streaky, ndipo wopyapyala. Wochindikala amafuna mphindi 30 kapena kupitirira, nthawi yomwe palibe chitheba chingapirire. Ngati amene muli naye ndi wochindikala, mugonekeni pa thabwa, mumukokere ndi msana wa mpeni kuchokera pakati kupita kunsonga. Amatalika n'kupyapyala. Kenako mumudule pakati. Theka la chidutswa ndi lokwanira mtolo umodzi.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwa chifukwa cha mtima wabwino. Timafuna alendo aone kuti nyama sitinaumire, ndiye timazunguliza katatu, kanayi, malo amodzimodzi. Chozungulira chakunja chifiira, zam'kati zitsala zoyera, zamafuta, zotafunika ngati labala. Zungulizani mopendeketsa, ngati mukukulunga lamba pa chogwirira cha khasu, m'mphepete mokha ndimo mukhudzane. Mtolo ukhale wa zitheba 6 mpaka 8. Ukakula kuposa apo, zapakati zimatulutsa nthunzi yambiri.

Kenako thireyi. Timitolo tikathithikana, nthunzi ya kena imagwera pa kanzake, thireyi yonse n'kusanduka poto wovundikira. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pake. Zikachuluka, phikani maulendo awiri kapena mathireyi awiri. Thireyi yakuya, ya makoma aatali, imasunga nthunzi. Yosaya ndiyo yabwino. Ngati muli ndi kawaya koyala pamwamba pa thireyi, ikani timitolo pamenepo kuti mafuta ndi madzi azidonthera pansi, mpweya wotentha uzizungulira mbali zonse. Ngati mulibe, tenthetsani thireyi yopanda kanthu mu uvuni kaye, kuti timitolo tikangogwera tilire kuti tsii.

Chomaliza ndi uvuni weniweniwo. Uyatseni mphindi 15 musanalowetse kanthu. Madigiri 200 ndi abwino, kapena 180 mpaka 190 ngati uvuni wanu uli ndi fani. Mauvuni ambiri amanama, makamaka akale aja omwe manambala anafufutika. Kuti mudziwe khalidwe la wanu, yalani magawo a buledi thireyi yonse, mulowetse mphindi zochepa. Muona nokha ngodya yomwe imapsereza ndi yomwe imagona tulo. Mukadziwa, muzitembenuza thireyi pakati pa nthawi. Ndipo lekani kutsegulatsegula chitseko. Nthawi iliyonse mukasuzumira, kutentha kumathawa.

Ndi bekoni wosaphikidwa kale, werengerani mphindi 20 mpaka 25. Ndi amene munamutsogoza, 12 mpaka 15. Zikatha koma mukuona kuti sanafiire mokwanira, yatsani moto wapamwamba wokha kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, inu mutaima pomwepo. Musapite kukayankha foni.

Nyama yapserera, zitheba n'zaziwisi

Ili ndi vuto lomwelo litatembenuka. Limabwera mukalowetsa zitheba zosafwafwaza. Zitheba si masamba ofewa. Mu uvuni wouma zimakhwinyata kunja, m'kati zikadali zolira m'mano. Ndiponso zitheba zosapsa bwino zimatha kupotokola m'mimba, choncho si nkhani ya kukoma kokha.

Bwatitsani madzi ambiri, muthiremo mchere pang'ono, muponyemo zitheba madzi akubwata kale. Mphindi 3 kwa zitheba zanthete, 4 kwa zokulirapo. Zivuuleni n'kuziponya m'madzi ozizira kwambiri kuti kupsa kuimire pomwepo, kenako muziumitse monga ndanena. Amene muli kumtunda muwonjezereko pang'ono: ku Johannesburg, komwe kuli pafupifupi mamita 1,750 pamwamba pa nyanja, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, ndipo zinthu zimachedwerapo kufewa. Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000 pang'ono. Kusiyana kulipo koma n'kochepa. Musadalire wotchi yokha. Lumani chitheba chimodzi: chipindike, koma chikhale ndi mphamvu.

Soda ndi chidulo zisayandikire poto ameneyu. Ndikudziwa kuti dzanja linazolowera pa therere ndi chigwada, ndipo n'zoona kuti soda amasunga kubiriwira, koma amafewetsa masamba mpaka kuterera, ndipo zitheba zotere sizingamangike mtolo.

Posankha pamsika, thyolani chimodzi. Chikathyoka msanga ndi kuonetsa madzi, n'chabwino. Chikangopindika, kapena nyemba zam'kati zikuoneka zotupa kunja, chakalamba, ndipo ngakhale mutachiphika bwanji chikhala ndi ulusi. Abale a ku Britain ali ndi mwayi apa, poti tizitheba tating'ono ta ku Kenya topezeka m'masitolo akumeneko n'tanthete, ndipo mphindi 2 zimatikwanira.

Masamba ena olimba amafunanso kutsogozedwa. Kaloti wodula m'timitengo tofanana ndi chala chaching'ono, mphindi 4 kapena 5. Mbatata chimodzimodzi, ndipo kutsekemera kwake kumagwirizana ndi mchere wa bekoni kuposa momwe mungaganizire. Therere lanthete lathunthu silifuna kufwafwaza, bola musalidule mutu mpaka kuonetsa njere, lingaterere. Mabiringano ndinayesa kamodzi. Amamwa mafuta onse ngati siponji, sindinabwerezenso.

Za asparagus ndi prosciutto

Asparagus safuna kufwafwaza pokhapokha atakhala wonenepa kwambiri. Chofunika ndi kumukwatitsa ndi nyama yomuyenera. Woonda ngati pensulo amapsa msanga, ndiye mnzake ndi prosciutto. Wonenepa ngati chala chachikulu amapirira mphindi 20, ndiye angayende ndi bekoni. Mukasemphanitsa, mwabwerera ku mavuto awiri apamwamba aja.

Prosciutto si bekoni, ngakhale zonse n'za nkhumba. Ndi mwendo wakumbuyo wothiridwa mchere n'kuumitsidwa mumphepo kwa chaka kapena kupitirira. Wotchuka ndi wa ku Parma, m'chigawo cha Emilia-Romagna, wodindidwa chizindikiro cha chisoti chachifumu pachikopa, ndi wa ku San Daniele, m'chigawo cha Friuli. Ku Spain kuli mnzake, jamón serrano, yemwe amagwira ntchito yomweyo ndipo nthawi zambiri amatsikirako mtengo. Nyama zimenezi zimadyedwa zosaphika, zodulidwa mopyapyala ngati pepala. Mu uvuni simukuziphika, mukungoziumitsa kuti zikukutike. Mafuta ake ndi ochepa, choncho pakani asparagusyo mafuta pang'ono musanakulunge, makamaka kunsonga komwe kumatsala pamtunda. Madigiri 200, mphindi 10 mpaka 12. Mukapitirira, prosciutto amada, n'kuyamba kuwawa.

Tsinde la asparagus ndi lolimba, ndipo likatsala limatafunika ngati makoko a nzimbe. Dulani masentimita 3 kapena 4 kumunsi, ndipo ngati ndi wonenepa, sendani khungu la theka lakumunsi. Nsonga zikamapserera zisanapse zina, ziphimbeni ndi kachidutswa ka foyilo, kapena muziloze pakati pa thireyi, osati kumakoma. Ku England nyengo ya asparagus wakomweko ndi yaifupi, kuyambira pa 23 Epulo mpaka cha pa 21 Juni. Miyezi ina yonse wambiri amachokera kutali monga ku Peru, ndipo akamafika amakhala atayamba kuuma kumunsi, ndiye dulani mochulukirapo.

Mitolo ikumasuka

Nyama ikatentha imakhwinyata, ndipo nsonga yomalizira imadzuka. Igonekeni pansi, mtolo uipsinje. Mphindi 10 zoyambirira musakhudze. Ikayamba kufiira imadzimata yokha, ndipo mukhoza kutembenuza. Mukatembenuza msanga, ndiye kumasuka kuja. Bekoni amene munamutsogoza samata bwino ngati wamuwisi, choncho mubayeni ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ngati mukuwotcha pa makala, timitengoto tiviikeni m'madzi kaye, ndipo muwerenge tomwe mwabaya kuti mudzatichotse tonse, makamaka pakakhala ana patebulo. Prosciutto akang'ambika pomusenda m'paketi musadandaule, amamatirira yekha. Lumikizani zidutswazo n'kupitiriza.

Mchere wachuluka

Dzanja la Mmalawi silikhulupirira ndiwo zosathira mchere. Apa ligwireni. Nyamayo inakonzedwa ndi mchere, ndipo ikamauma pamoto, madzi amachoka, mchere n'kutsala wonse. Mchere wa m'madzi ofwafwazira aja ndi wokwanira. Pa mitolo ikani tsabola wakuda, adyo pang'ono ngati mumakonda, basi. Ndi prosciutto, theka la chidutswa pa mtolo umodzi. Chathunthu chimaluma lilime.

Bekoni wina ndi wamchere mopitirira. Mukamudziwa, mumizeni m'madzi owira kwa mphindi imodzi, mumupukute bwinobwino, kenako mupitirize. Zikakhala kuti zapsa kale ndipo mwalawa n'kutsinzina, finyirani ndimu, ndipo mpunga kapena mbatatesi zoyendera limodzi muchepetse mchere. Amene adokotala anawauza kuti achepetse mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, mtolo umodzi ndi wokwanira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndipo nyama zamtunduwu zimadya gawo lalikulu la muyezo umenewo mosadziwika.

Ndimu ija ibwere pomaliza, mbale ikupita patebulo. Mukaithira musanawotche, zitheba zimataya kubiriwira n'kukhala zotuwa ngati yunifolomu yakale. Uchi kapena shuga wabulauni, womwe ena amapaka kuti bekoni anyezimire, nawonso adikire mphindi 5 zomaliza. Akalowa koyambirira amapserera nyama isanapse, ndipo thireyi mudzaikwecha mpaka mawa.

Chinthu china chosokoneza: bekoni amakhalabe wofiirira m'kati ngakhale atapsa, chifukwa cha mchere wapadera womwe amamukonzera. Musayese kupsa ndi mtundu wa mnofu. Yang'anani mafuta. Akadali oyera ndi ofewa, sanapse. Akasanduka agolide ndi kuuma m'mphepete, zatheka.

Popanda uvuni

Magetsi akathima mitolo ili yokulungakulunga, kapena ngati uvuni mulibe n'komwe, chiwaya chimagwira ntchito, ndipo kunena zoona nthawi zina chimaposa uvuni. Ndandalikani mitolo m'chiwaya chozizira, chopanda mafuta, nsonga za bekoni zili pansi, kenako muike pa moto wapakatikati. Kuyambira kozizira kumapatsa mafuta nthawi yosungunuka nyama isanapserere. Tembenuzani mbali zinayi, mphindi 3 mbali iliyonse. Mafuta akachuluka, tungani ndi supuni muike m'kapu, mudzakazingire mazira. Osavundikira.

Pa mbaula ndi waya, mdani ndi malawi. Mafuta akadonthera pa makala amayaka, n'kudetsa nyama ndi mwaye wowawa. Dikirani makala achite phulusa pamwamba, muwakankhire mbali imodzi, mitolo ikhale mbali inayo, muzingoisendezera pamoto pomaliza kuti ifiire. Malawi akabuka, sunthani nyama. Musathire madzi, mungoulutsira phulusa pa chakudya.

Njira yathu yophikira chikondamoyo, ya poto wovundikira wokhala ndi makala pamwamba, apa siithandiza. Imasunga nthunzi, yomwe chikondamoyo chimaifuna koma bekoni amadana nayo. Amene muli ndi air fryer, ikani pa 190 kwa mphindi 8 mpaka 10, mzere umodzi osasanjikiza.

M'khitchini mukadzaza utsi pogwiritsa ntchito uvuni, ndi mafuta odontha omwe akupserera pa thireyi. Yalani foyilo pansi pa kawaya, ndipo pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri khuthulani mafutawo.

Kwa osadya nkhumba

M'mabanja mwathu simulephera kukhala Msilamu kapena wa Seventh Day, ndiye funsani musanaphike. Ku South Africa kuli macon, wokonzedwa ngati bekoni koma wa ng'ombe kapena nkhosa, ndipo amakulungika bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti amauma msanga, choncho mupakeni mafuta pang'ono ndipo muchepetse nthawi ndi mphindi 3 kapena 4. Mafuta a ng'ombe amagwirana akangozizira n'kumata m'kamwa, ndiye ameneyu adyedwe ali wotentha. Mukaphika mitundu yonse iwiri tsiku limodzi, thireyi, mpeni ndi thabwa zikhale zosiyana, ndipo muwauze eni ake kuti mwatero.

Zinatuluka bwino, koma patebulo zalobodoka

Izi zinandipweteka kuposa zonse, chifukwa ndinali nditachita chilichonse molondola. Ndinatulutsa mitolo yofiira, yokukutika, n'kuiika m'mbale yovundikira monga timachitira ndi ndiwo zonse podikira kuti abambo asambe m'manja ndi pemphero lithe. Potsegula, nthunzi inali itabweza zonse pomwe zinayambira. Mwambo wathu wovundikira chakudya ndi waulemu, koma mbale iyi yokha ipite yosavundikira. Itulukenso pomaliza, nsima kapena mpunga zitapakulidwa kale. Pochotsa mu uvuni, igonekeni mphindi 2 pa kawaya kapena pa pepala la m'khitchini kuti mafuta atsike, kenako m'mbale yofunda, osaunjika.

Ngati alendo ndi ambiri, ntchito yambiri ichitike dzulo lake. Fwafwazani, umitsani, kulungani, muike m'firiji pa thireyi. M'mawa mwake muitulutse uvuni ukamatentha, mupukute chinyezi chomwe chachita pamwamba, ndipo muwonjezere mphindi 2 kapena 3 poti yalowa yozizira.

Zotsala zisakhale pamtunda kupitirira maola 2, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. M'firiji zimakhala masiku awiri kapena atatu. Potenthetsa, microwave imazilobodola. Chiwaya chouma pa moto wapakatikati chimabwezera kukukutika m'mphindi 4. Zikakhala zochepa zosakwana mbale, ine ndimazidula tizidutswa n'kuziponya m'mazira a m'mawa.